Dothi Lobwera pa Lole

Tsiku limene lole inafika ndi dothi, tonse tinaseka mpaka kugwira nthiti. Dothi, abale! Osati chimanga, osati mchere, koma dothi lenileni, m'matumba osokedwa bwino, litayenda masiku angapo kuchokera kummwera kudzafika ku Mzuzu. Ngati kuti kuno kunalibe dothi! Ife amene tinkaponda matope ofiira tsiku ndi tsiku mpaka zidendene kusintha mtundu, tinagwirizana kuti mzungu wotiyang'anira pa ntchitoyu dzuwa lamulowa m'mutu.

Inali nthawi ya Chitaganya. Mzuzu wa masiku amenewo sunali mzinda umene mukuudziwawu. Kunali maofesi owerengeka a boma, masitolo pang'ono, kwinaku thengo ndi nkhungu. Kumene kwadzaza nyumba lero ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, ife tinkapitako kukatola nkhuni. Ine ndinkagwira ntchito pa nazale ya paini cha ku Luwinga, m'mphepete mwa kamtsinje. Ndinachokera ku Dowa ndi mwamuna wanga, kalipentala, amene anabwera kudzakhoma madenga a nyumba za boma. Madenga atatha, anati akukafuna ntchito ku Halale ndipo adzatitenga. Kalata inabwera imodzi, basi. Ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu, ndipo chimene chinatisunga ndi nazaleyo, chifukwa wogwira ntchito pamenepo ankapatsidwa chipinda kumalayini. Ntchito ikatha, chipindanso chatha. Kubwerera ku Dowa ndiye ndinali nditalumbira kuti ayi. Tsiku lonyamuka, atsibweni anga anandiuza pamaso pa anthu kuti ndidzabwera ndikulira, mwana kumsana, mtolo pamutu. Ndinkati bola kudya therere lopanda mchere chaka chonse kusiyana ndi kuwapatsa chimwemwe chimenecho.

Chaka chimenecho bwana wa nkhalango, mzungu wamtali wa mawondo ofiira, anachita chachilendo. Anagawa mabedi. Aliyense wodziwa ntchito anapatsidwa mabedi anayi akeake, kuti afese, athirire ndi kupalira yekha mpaka mvula. Azimayi tinasankhidwa awiri okha: ine ndi mayi wina wa ku Rumphi, wamkulu kwa ine, wosayankhulayankhula, amene anagwirapo pa nazale ina kumapiri a Viphya. Kapitawo wathu sanakondwe nazo. Anatiimika pamzere n'kunena, maso ali pa ife awiri:

"Bwana wati mvula ikayandikira adzayendera. Amene mbande zake sizidzakhala zoti n'kuwokera, atsanzike. Chachiwiri, bedi lililonse lili ndi nambala yake. Pasapezeke munthu wosuntha mbande kuchoka pa bedi lina kupita pa lina. Wochita zimenezo achoka tsiku lomwelo. Mwamva, amama?"

Mukuganiza ndinachita mantha? Ndinavina! Ine nazale ndinabadwira momwemo. Kwathu mwana amayamba kunyamula kheni yothirira asanadziwe kudzimangira nsalu, ndipo bambo anga anali mlimi wa fodya amene anthu ankachoka midzi yakutali kudzapempha mbande. Ndinati mumtima, anthu a kuno adziwa chaka chino kuti ku Dowa kumachokera alimi.

Aliyense anapatsidwa matumba awiri a dothi lija. Anatiuza kuti tilimwaze pamwamba pa mabedi, tisakanize pang'ono, kenaka tifese. Chifukwa chake sanatiuze, ndipo ine sindinafunse. Nditamasula thumba loyamba ndinabwerera m'mbuyo, dzanja pamphuno. Dothilo linali lakuda, lonyowa, lodzaza masamba owola a paini, ndipo paliponse munali chuku choyera, timaulusi tonga ta kangaude. Fungo lake la bowa wogonera.

Ha! Chuku pa nazale? Kwathu chuku chikalowa pa bedi la fodya, umagona uli ndi mbande, n'kudzuka ulibe. Ndinamumvera chisoni mzunguyo. Ndinati amugulitsa dothi lowola munthu wa Mulunguyu, ndipo anzangawa akungolimwaza osaganiza. Koma ine mankhwala ake ndinkawadziwa kuyambira ndili kamtsikana: bedi umalitentha usanafese.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinavula nsalu yabwino n'kupita ku nazale. Mabedi anga anali kumapeto kwenikweni, kutsidya kwa ngalande. Dothi la pa lole ndinali nditalimwaza kale. Ndinaunjika udzu wouma, mapesi ndi nthambi, mulu wofika m'mawondo pa bedi lililonse, n'kuyatsa. Moto wake, abale, unali wokongola! Ndinkazungulira ndi nthambi yaiwisi ndikuimba nyimbo ya kwaya, mtima uli mbee. Mlonda anabwera akuthamanga, ndinamuuza kuti ndikupha matenda, iye n'kubwerera. Lolemba kapitawo anaona mabedi akuda bii n'kufunsa. Ndinati, "Ndathira phulusa, adada, ndi manyowa akwathu." Silinali bodza lonse, komanso sichinali choonadi chonse. Anangokweza mapewa. Bwana anali kumapiri masabata amenewo.

Ndiye mbewu zinamera. Zanga ndizo zinayamba! Ngati simunaonepo paini akumera, mwaphonya. Kamatuluka kamtengo kowonda ngati singano, kali ndi khoko la njere kumutu ngati kavala chipewa. Pakapita masiku kachipewako kamagwa, timasamba n'kutambasuka ngati zala za mwana. Mabedi anga anayi anadzaza timanja timeneti, mizere yowongoka, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. Anzanga anali chogwada tsiku lonse kuzula udzu, ine ndikuyendayenda manja kumbuyo ngati mwini munda.

Pakamwa panga ndiye sipanapume. Ndinkadutsa dala pa mabedi a mayi wa ku Rumphi uja n'kumufunsa, "Amama, kodi mukulima paini kapena udzu wofolera nyumba? Mukakolola mundigawireko, denga langa likudontha."

Iye ankangotukula mutu n'kumwetulira, n'kuyankha m'chiyankhulo cha kwawo kuti tidzaona. "Yewo, mwana wane. Tiwonenge."

Ndinkayesa ndi nsanje.

Miyezi yozizira itafika pakati, zinthu zinatembenuka. Mbande za anzanga zinayamba kubiriwira ndi kuchita nthenga, zikukwera sabata ndi sabata. Zanga zinafika utali wa chala n'kuima. Kenaka zinayamba chikasu, nsonga zake zofiirira. Ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Ndinatola zitosi za nkhuku malayini onse. Ndinapemphera mokweza pakati pa mabedi. Palibe chinasintha.

Apa ndi pamene ndinachita uchitsiru wachiwiri, woposa woyamba. Muofesi mmene tinkatenga makasu ndi makheni munapachikidwa kalendala ya kwawo kwa bwana. Panali phiri loyera ndi chisanu chija cha kwawo, ndi nkhalango ya mitengo yosongoka ngati paini, yobiriwira moderako. Koma pakati pake panali mitengo ina yachikasu ngati dzungu lakupsa. Kalaliki wa muofesimo anatiuzapo tsiku lina kuti umenewo bwana amautcha lachi, m'bale wake wa paini. Anati paini ndi anzake onse savula masamba chaka chonse, koma lachi yekha kukazizira amachita chikasu, n'kuyoyola masamba onse mpaka kuoneka ngati wauma, ndipo kukafunda amaphukanso mwatsopano.

M'mawa wina ndinaima pa kalendalayo, kheni m'manja, ndipo mtima unadumpha. Chikasu! Nthawi yozizira! Ndinatuluka ndikuthamanga.

"Anthu inu, zadziwika! Zanga si paini wamba ayi, ndi mitengo ya pa kalendala! Bwana wandipatsa ine mbewu ya kwawo chifukwa akudziwa dzanja langa. Dikirani kufunde muone!"

Musandiseke kwambiri, chifukwa theka la mtima wanga linkakhulupiriradi. Anthu ankabwera nthawi yopuma kudzaona mitengo ya ku Ulaya. Ena ankagwedeza mitu modabwa, ena ankabisa kuseka m'nsalu. Ine ndinkafotokoza ngati ndinakafikako kuphiri loyeralo, mpaka kuwauza kuti mtengo umenewu matabwa ake sawola m'madzi, zimene ndinangomva kwa kalaliki yemweyo. Masabata atatu athunthu anapita ndili wolemekezeka.

Kunafunda. Nkhungu ya m'mawa inayamba kuchoka msanga, fumbi linabwera, mango anachita maluwa. Mbande zanga sizinaphuke. Za m'mphepete zinayamba kuuma zenizeni, zoti ukagwira zimathetheka. Kapitawo anasiya kuwoloka ngalande kudzaona mabedi anga. M'malo mwake anayamba kundiuza, ngati nkhani chabe, kuti mphwake wangokwatira kumene ndipo akusowa chipinda. Tsiku lina ndinamupeza kumalayini akuyang'ana chitseko changa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mantha amene ndinalibe poyamba paja anandipeza onse nthawi imodzi, chakudya n'kusiya kulowa.

Masana ena ndili khale pa mphepete mwa bedi, mayi wa ku Rumphi anawoloka ngalande n'kukhala pambali panga. Chichewa chake chinali chokoka, cha anthu a kumpoto, koma mawu ake analunjika.

"Mbewu tinatapa m'chitini chimodzi, ine ndi iwe. Za kalendala zisiye."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, iye n'kukweza dzanja. Anazula mbande yanga imodzi n'kuiika pabondo. Kenaka anamasula tsamba la nthochi limene anabwera nalo, muli mbande yake yobiriwira ndi dothi lake. Anagwedeza dothilo pang'onopang'ono.

"Ona mizu."

Mizu ya yanga inali yowonda, yosalala, yopanda kanthu. Ya yake inali yonenepa kunsonga, yogawanika tiwiritiwiri, ndipo yonse yokutidwa ndi chuku choyera chija. Fungo lomwe lija la bowa.

"Chimene chinakwera lole ndi ichi," anatero. "Dothi linangochiperekeza. Paini sakula popanda ichi kumizu. Chifukwa chake sindichidziwa, koma ndaona ndi maso. Utsi wako ndinauona Lamulungu lija ndikuchokera kumadzi."

"Ndiye bwanji simunanene, amama?"

"Ukanamva?"

Ndinapsa mtima koopsa, ndipo chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti ankanena zoona. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndinafunsa ngati dothi lina linatsala. Anati matumba anatha kalekale, ndipo lole siibweranso chaka chino. Misozi inayamba kutsika yokha.

"Leka kulira, ukuthirira pachabe," anatero. Kenaka anandiuza chimene anaona kumapiri. Kumeneko, mbande yakale ikaiwalika pa bedi, zatsopano zoyandikana nayo ndizo zinkayamba kubiriwira, kenaka zotsatira, kenaka zotsatira. "Chimayenda pansi, kuchoka muzu uwu kupita muzu uwo. Ndikupatsa zanga, ubzale pakati pa zako."

"Nanga lamulo lija? Akuchotsani ntchito!"

"Kapitawo anasiya kubwera kuno. Kwa iye iwe unapita kale ku Dowa."

Mawu owawa, koma oona. M'mawa mwake, chitsulo choyambira ntchito chisanalire, anabwera ndi beseni pamutu, lovindikira nsalu ngati akupita kuchigayo. Munali mbande zake zabwino kwambiri, iliyonse ndi chibuma chake cha dothi. Tinazibzala pakati pa mabedi anga, imodzi pa phazi lililonse lalikulu, n'kutsitsa mthunzi wa udzu wophimbira mabedi kuti wodutsa patali asaone.

Sabata yoyamba palibe. Yachiwiri palibe. Yachitatu ndinayamba kuganiza kuti mayiyu wangotaya mbande zake. Ndinkagwada pa bedi n'kumayankhula nazo mbande zanga ngati ana okana phala. Sabata yachinayi ikutha, m'mawa wina ndinakweza mthunzi kuti ndithirire, ndipo kheni inandipulumuka m'manja.

Kuzungulira mbande iliyonse yobwera, zanga zoyandikira zinali zitasintha. Nsonga zake zinatulutsa timasamba tatsopano, tobiriwira ngati mpiru wongomera kumene. Bwalo laling'ono, kukula kwake ngati mbale, koma lozungulira bwinobwino, ndipo pa bedi lonse mabwalo otere ali ndondondo. Mayo ine! Ndinaimba nthungululu ndekhandekha, kenaka ndinakumbuka kuti ndi chinsinsi n'kudzitseka pakamwa. Ndinalumpha ngalande osaona pomwe ndaponda, n'kukamukoka mayi uja pa mkono.

"Amama, bwerani! Chayenda! Chayenda pansi!"

Anafika, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka munthu wosayankhulayankhula uja anaomba m'manja n'kuvina masitepe awiri pa kanjira ka pakati pa mabedi. "Chawemi chomene!" anatero, ndipo tinagwirana mapewa tikuseka ngati atsikana.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkafika ku nazale anthu onse asanafike. Ndinkazika timitengo pamene kubiriwira kwalekezera, kuti mawa ndione ngati kwadutsa. Ndipo kunkadutsadi! Mbale inasanduka lichero. Ndinkawerengera pa zala kuti mabwalowo akumana liti, ndipo ndinkaona kuti ndikapatsidwa mwezi umodzi wokha, mabedi onse adzakhala obiriwira.

Mweziwo sindinapatsidwe. Mitambo inayamba kusonkhana msanga chaka chimenecho, ndipo bwana anatsika kumapiri kudzayendera. Anayamba kumtunda, kabuku m'manja, kapitawo pambuyo pake, ife tonse pambuyo pa kapitawo. Atawoloka ngalande, kapitawo anachotsa mthunzi pa mabedi anga mokondwa, ngati wovundukula mphika umene akudziwa kuti ndi wopanda kanthu. Mabedi anali mawangamawanga, apa pobiriwira, apa pachikasu, ndipo pakati pa bwalo lililonse pali mbande yaitali yoonekeratu kuti si ya pamenepo.

Kapitawo sanali wopusa. Anayang'ana kumbuyo, ku mabedi a mayi wa ku Rumphi, kumene mipata inkaoneka m'mizere. "Bwana, izi zachoka uko. Lamulo laphwanyidwa."

Bwana ankayankhula Chinyanja chothyokathyoka. "Ndani wachita?"

Mayi uja anatuluka pamzere. "Ndine, bwana."

Ndikuuzani zoona, chifukwa ndakalamba ndipo bodza silindithandizanso. Ndinakhala chete. Ndinapuma kamodzi, kawiri, katatu, ndili chete. M'mutu munkabwera nzeru yoipa yakuti wosuntha mbande wavomera kale, ndipo mabedi anga theka ndi obiriwira, mwina andisiya. Ndinaona nkhope ya atsibweni anga. Kenaka ndinamva kapitawo akumuuza mayi uja kuti akatule kheni kuofesi, iye n'kuyamba kuyenda osanditembenukira n'komwe. Pakamwa panga pomwe paja, pamene panandipalira zonsezi, panatseguka pokha.

"Bwana, wolakwa ndine! Dothi lanu lija ndinaliwotcha. Ndinaona chuku ndiye ndinaunjika udzu n'kuyatsa moto, monga timachitira ndi fodya kwathu. Mbande zinayamba kufa. Amama awa anangondimvera chisoni. Ngati pali wochoka, ndichoke ine."

Amuna ena anaphulika kuseka. Wina anafuula kumbuyo, "Si mitengo ya pa kalendala kodi?" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Nkhope ya bwana inafiira kuposa mawondo ake.

"Wotcha? Dothi langa? Moto?"

"Inde, bwana. Moto waukulu."

Anavula chipewa, anachivalanso. Kenaka anayang'ana mabedi kachiwiri, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anagwada m'matope momwemo, anatulutsa mpeni, n'kukumba mbande imodzi m'kati mwa bwalo ndi ina kunja kwake. Anayang'ana mizu yonse iwiri pafupi ndi maso. Anakwawira pa bwalo lina n'kukumbanso. Anayamba kuyankhula yekha m'Chingelezi, mofulumira, mawu akukwera, mpaka anaimirira n'kuitana mayi uja kuti abwerere. Mafunso anagwa ngati matalala, kapitawo akumasulira monyinyirika. Wabzala liti? Motalikirana bwanji? Unaziona kuti? Mayiyo ankayankha modekha, manja kumbuyo. Pomaliza bwana anamenya kabuku kake pa ntchafu n'kuseka mokweza. Kapitawo anatiuza, nkhope ili gwa, kuti bwana akuti chaka chamawa lole ya dothi siidzafunikanso. Tizidzangosiya mbande zakale pa bedi lililonse.

Ine ndinayamba kumwetulira nawo, kuyesa zatha bwino. Bwana ananditembenukira, kuseka kuja kutatheratu. Anati mabedi anga anayi andilanda, ndipo apita kwa mayi wa ku Rumphi, amene kuyambira tsiku limenelo aziyang'anira kafesedwe ka nazale yonse. Anati munthu wowotcha chinthu chimene sakuchidziwa, osafunsa, sangasungire boma mbewu. Zinandilasa, koma zinali zondiyenera.

"Ndiye achoke liti m'chipinda, bwana?" anafunsa kapitawo.

Bwana anatembenuka. Anayang'ana mayi uja n'kundiloza ndi chipewa. "Iwe ufuna uyu? Kapena apite?"

Mayi amene ndinamufunsa za udzu wofolera pamaso pa anthu, amene ndinangotsala pang'ono kumusiya achotsedwe chifukwa cha ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanafulumire.

"Pakamwa ndi pachitali," anatero, "koma mbande zodwala wazithirira miyezi itatu osaphonya tsiku. Wotere ndimufuna. Akhale."

Ndinagwada pomwepo n'kuomba m'manja. "Yewo, amama. Yewo chomene." Ndinabwerera pa ntchito yonyamula madzi, pansi pa iye, ndipo ndinakhala pansi pake zaka zambiri osadandaula.

Madzulo a tsiku limenelo ndinabwerera kuchipinda changa kumalayini. Palibe amene ankadziwa kuti m'mawa, ndisanapite ku nazale, ndinali nditamanga kale katundu wathu yense mu nsalu imodzi n'kumubisa kuseri kwa chitseko. Ndinamasula mfundoyo, ndinabwezera mbale ndi mapoto pamalo pake, ndinayala mphasa. Kenaka ndinakhala pansi n'kulira mokweza, mpaka mwana wanga anayamba kulira nawo osadziwa chifukwa chake.